Olera ana a anthu ku Salima kuno, fizi kwezani motere osadana ndi makolo

Izi ndalembera inu amayi amene mukusunga ana a anthu pakhomo panu, kaya mumati ndi dekeya, kaya nesale, kaya simunaipatse n'komwe dzina bola m'mawa uliwonse pamabwera makolo kudzasiya ana n'kudzawatenga madzulo akaweruka. Ambiri mwa inu fizi imene mukulipiritsa lero ndi yomwe ija munaika kalekale shuga asanayambe kusowa m'magolosale, ndipo mukudziwa ndithu kuti siikukwanira, koma mukangoganiza zouza makolo pakamwa pamalemera, mumati ndidzawauza mwezi wamawa, mwezi wamawawo ukafika mumatinso ayi anthu akuvutika ndidikire kaye. Pakadali pano phala la ana a eni likuphikidwa ndi ndalama ya geni yanu ya mandasi kapena ya abambo akunyumba.

Zoti zinthu zadula palibe angatsutse. Kwacha anaigwetsa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka mu Novembala 2023 a Reserve Bank anaigwetsanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kufika pa K1,700 ku banki, ndipo masiku omwewo petulo anachoka pa K1,746 kufika pa K2,530 lita imodzi. Chaka cha 2024 kunabweranso ng'amba ya El Niño chimanga n'kukwera, ndipo mitengo ya zinthu chaka chimenecho inakwera ndi cha m'ma 30 peresenti. Tanthauzo lake kwa inu ndi ili: zimene munkagula ndi K20,000 pakatha chaka chotere zimafuna K26,000, zikakhala zaka ziwiri zotsatizana ndiye K33,800. Ndiye ngati fizi yanu yaima pamodzimodzi zaka ziwiri, dziwani kuti mwakhala mukutsitsa mtengo mwakachetechete, makolo osakupemphani.

Choyamba, gulani kope la zimenezi zokha

Musayambire pa WhatsApp, yambirani mu kope. Kwa mwezi wathunthu lembani chilichonse chimene chatuluka m'thumba chifukwa cha anawa, ngakhale K500 ya machesi ndi mchere. Anthu ambiri amakumbukira ufa, shuga ndi makala basi, koma zimene zimadya ndalama mobisika ndi tizinthu tating'onoting'ono: ya chigayo, ya kabaza amene wakunyamulirani thumba kuchoka ku msika wa Kamuzu Road, sopo wochapira timalaya ta mwana amene wadzionongera, mayunitsi oimbira mayi ake mwana akatentha thupi, bilu ya Water Board imene imakwera chifukwa kutentha kwa Salima kuno mu Okutobala mwana sungamusiye osamutsira madzi masana, makapu osowa, mkeka wong'ambika. Ngati nyumba ndi ya lendi ndipo chipinda chimodzi ndi cha anawo, mbali ya lendi imeneyo ilowe mu kope. Ngati nyumba ndi yanu ilowebe, chifukwa chipinda chimenecho mukanaikamo munthu bwenzi akulipira.

Chimanga chochokera kumunda kwanu musachilembe kuti ndi chaulere. Chilembeni pa mtengo umene mukanagulitsira tsiku limenelo. Chimodzimodzi nkhuni zimene akutolerani ana anu ndi mtedza umene anakupatsani apongozi. Apa ndi pamene amayi ambiri amadzinamiza kuti bizinesi ikuyenda, chonsecho ikudya nkhokwe ya banja.

Chachiwiri, werengerani, ndipo dzilipireni nanunso

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka, inu muikepo anu. Muli ndi ana 14 ndipo aliyense akulipira K20,000 pamwezi. Kope lanu laonetsa motere:

ufa wa phala, soya, mtedza ndi chigayo K45,000
shuga, mchere, mafuta K25,000
makala K30,000
sopo, madzi ndi mankhwala otsira m'madzi K20,000
mtsikana wokuthandizani K80,000
mbali ya lendi K20,000
mayunitsi, kabaza ndi zoonongeka K10,000

Zonse pamodzi K230,000. Ana 14 akalipira onse mulandira K280,000, ndiye inu mwatsala ndi K50,000. Taonani bwino pamenepo, eni bizinesi amene mukudzuka 4 koloko kukoleza moto, amene mwana akagwa n'kuchubuka bondo makolo amalozera inu chala, mukulandira zochepa kuposa mtsikana amene mwamulemba ntchito. Ndipotu apa tayerekeza kuti onse alipira, zimene sizichitika.

Ndiye muikepo malipiro anu ngati mzere wa mu kope, osati zotsalira. Kuti mupeze poyambira, onani malipiro otsikitsitsa amene boma linaika: mu 2024 anali K90,000 pamwezi kwa antchito wamba ndi K52,000 kwa antchito a m'nyumba, ndipo mu 2025 anakwezanso. Musanalembe nambala ya mtsikana wanu pitani ku ofesi ya Labour pa boma mukafunse imene ikugwira ntchito panopa, chifukwa nayenso tsiku lina adzafunsa. Inuyo tinene kuti mwadziikira K120,000. Zonse zafika K350,000.

Tsopano musagawe ndi 14. Gawani ndi 12. Mwezi uliwonse pamakhala mwana mmodzi amene wapita kwa agogo ake ku Khombedza sabata zitatu makolo n'kumati sitilipira sanabwere, ndi wina amene bambo ake akuti malipiro achedwa. K350,000 kugawa ndi 12 ikupereka K29,000 ndi kanthu pang'ono. Umenewo ndiye mtengo weniweni wosungira mwana mmodzi pakhomo panu, pamene inu mukulipiritsa K20,000.

Mantha amene aliyense amakhala nawo ndi akuti makolo athawa. Tiyeni tiwerengenso. Ana 14 pa K20,000 ndi K280,000. Mukakweza kufika K27,000 n'kuchoka ana atatu, otsala 11 akupatsani K297,000, phala mukuphika lochepa, makala akutha mochedwa, msana ukupumako. Ndiye kuchoka kwa ana awiri atatu si tsoka. Tsoka ndi kuchoka theka, ndipo zimenezo zimachitika mukakweza modzidzimutsa kapena pa nthawi yolakwika.

Mitengo ya anzanu funsani ndithu kuti mudziwe pamene msika uli, koma musakopere. Mnzanu wa ku Senga Bay amene akusunga ana a anthu ogwira m'maloji ndi asilikali sali pa msika umodzi ndi inu amene muli ku Kaphatenga mukusunga ana a amayi ogulitsa tomato, komanso simukudziwa ngati iyeyo anawerengera kapena nayenso akungolira chamumtima.

Chachitatu, mtengo usakhale umodzi kwa aliyense

Khanda la miyezi 8 lofuna kubereka kumbuyo, kusintha thewera ndi kumwetsa ndi sipuni silingalipire mofanana ndi mwana wa zaka 4 amene amapita yekha kuchimbudzi n'kudya yekha. Khanda limodzi limamanga manja a munthu mmodzi pafupifupi tsiku lonse. Ikani mtengo wa ana a matewera pamwamba, ndipo mapampasi, mkaka ndi mafuta odzola zibwere ndi makolo, musayerekeze kuziika mu fizi chifukwa zimenezi ndi zochokera kunja, dola ikangosuntha nazonso zasuntha.

Ikaninso mtengo wa theka la tsiku kwa otengedwa 12 koloko asanadye nkhomaliro, ndi mtengo wa pa tsiku kwa amayi a geni amene amangofuna posiya mwana tsiku la msika kapena tsiku lokapikula usipa kunyanja. Wa pa tsikuwo ukhale wokwererapo, mwachitsanzo ngati pamwezi ndi K27,000 pa masiku 22, tsiku limodzi likugwera pa K1,200 ndi kanthu, ndiye wobwera mwa apo ndi apo alipire K2,000 ndipo alipire m'mawa posiya mwana. Kupanda kutero onse adzasamukira ku mtengo wa pa tsiku inu n'kusowa pogwira pokonza bajeti.

Ndiye pali aja obwera mochedwa. Mwagwirizana 5 koloko, munthu akutulukira 7 koloko usiku akuti minibasi ya ku Lilongwe inavuta mafuta, apo mwana wadya kale nsima ya banja lanu ndipo wagona pa bedi panu. Kamodzi n'zomveka, ndife anthu. Koma lembani kuti kupitirira hafu pasiti 5 pali ndalama yoonjezera pa ola, muone mmene minibasi zija ziyambire kufika msanga. Manesi a pa chipatala cha boma ndi ena ogwira mashifiti kambiranani nawo mtengo wawowawo kuyambira pachiyambi, amenewo si kuchedwa, ndi mmene ntchito yawo ilili ndipo kawirikawiri ndi makasitomala okhazikika kwambiri.

Kholo la ana awiri mutha kulichotserako pang'ono pa wachiwiriyo, koma pang'ono, mwana wachiwiri samadya theka la mbale.

Chachinayi, sankhani mwezi

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa mtengo womwewo anthu amaulandira mu Meyi n'kuukana mu Januwale. Januwale musayerekeze n'komwe. Anthu atha ndalama ndi feteleza, Khrisimasi, fizi ya temu yachiwiri ya ana a kusekondale, chimanga chili pamwamba penipeni ndipo mabanja ena akudya kamodzi. Febuluwale chimodzimodzi. Mukalengeza nthawi imeneyo kholo silimakangana nanu, limangomutenga mwana n'kukamusiya kwa mlamu wake, ndipo akazolowera kumeneko sabweranso.

Yang'anani makolo anu kuti ndalama amaipeza liti. Ngati ambiri ndi alimi kapena ochita geni ya zokolola, nthawi yabwino ndi Meyi mpaka Julayi akagulitsa mpunga, thonje, mtedza ndi soya, a ku Lifuwu mukudziwa mmene ndalama imayendera mpunga ukalowa pa msika. Ngati ndi a kunyanja, asodzi ndi amayi oyanika usipa, pewani miyezi ya mwera ya Juni ndi Julayi pamene amuna amatha masiku osalowa m'madzi, pewaninso kuyambira Novembala pamene a makoka amaletsedwa, ndipo amene amadalira ku chilumba cha Mbenje kumbukirani kuti a Senior Chief Makanjira amatseka chilumbacho mu Disembala n'kudzatsegula mu Epulo. Ogwira ntchito ya nzimbe ambiri ndi a nyengo, ndalama amaiona nthawi yodula, mvula ikayamba ena amakhala pakhomo. Aphunzitsi, apolisi, a zaumoyo ndi ena a m'boma awo ndi a kumapeto kwa mwezi chaka chonse, kwa iwo chofunika ndi kuwauza malipiro asanatuluke kuti akulowetseni mu bajeti asanagawe ndalama kwa a ngongole.

Mwezi umene kukweza fizi sikuvuta kwambiri kwa aliyense ndi Seputembala. Sukulu zikutsegulira chaka chatsopano, masukulu a pulaiveti amasintha fizi nthawi yomweyo, ndiye makolo amakhala akuyembekezera kale kuti zinthu zisintha. Ngati mpata pakati pa mtengo wanu wakale ndi woyenerawo ndi waukulu ngati wa chitsanzo chathu chija, dulani pawiri: K20,000 ifike K25,000 mu Meyi, kenaka K29,000 mu Seputembala, ndipo zonse ziwiri muzinene tsiku limodzi. Kholo likadziwiratu kuti kukubwera kwina silimva ngati mwalitchera msampha.

Chachisanu, auzeni, pakamwa kaye kenaka polemba

Auzeni kudakali mwezi wathunthu, zikatheka sabata zisanu ndi imodzi. Ndipo musayambe ndi kuponya meseji pa gulupu ya WhatsApp ya makolo usiku. Pa gulupu pamangofunika munthu mmodzi wolusa kuti alembe kuti koma ndiye mwatidyera, ena onse amene akanavomera mwakachetechete n'kuyamba kuikapo tizithunzi tolira. Yambani ndi makolo awiri kapena atatu amene amalipira pa nthawi yake ndipo anzawo amawamvera, alankhuleni paokha, amve masamu anu. Amenewo ndi amene adzakuyankhireni pa gulupu inu muli chete.

Nthawi yolankhula ikhale madzulo potenga mwana, osati m'mawa munthu akuthamangira ku ntchito kabaza akumudikira pa geti. Mwana akhale wosamba, wodya, kachikwama kake kali m'manja. Zimamveka chonchi:

"Amake Tadala, ndikubeni mphindi ziwiri musanapite. Kuyambira pa 1 Meyi fizi ikhala K25,000. Ndagwira mtengo wakalewu kuyambira chaka chatha koma makala ndi shuga zandipitirira, kopeli ili mutha kuona."

"Iii anti, 5,000 yonse? Ifenso kuntchito sanatikwezere."

"Ndikumva mayi, n'chifukwa chake ndakuuzani kudakali mwezi. Phala la soya likhalapo tsiku lililonse ngati kale, sindikufuna ndiyambe kumuchepetsera mwanayu."

Basi, mwathera pomwepo. Musapepese kasanu, musayambe kufotokoza za matenda a amayi anu kumudzi, ndipo chachikulu musafunse kuti kaya mukuona bwanji, chifukwa mukatero mwatsegula msika ndipo aliyense adzatuluka ndi mtengo wake. Ngati amene amalipira ndi bambo, uzani mayi koma pepala lipite kwa bambowo, kapena muwapeze Loweruka akabwera okha: "Bambo a Yamikani, pepalali ndawapatsanso mayi, ndimati nanunso mulione." Amayi ambiri amaopa kukanena kunyumba ndiye amangokhala chete mpaka tsiku lolipira, mkangano n'kudzagwera pa khonde panu.

Mukamaliza kulankhula ndi aliyense, pamenepo ndiye tumizani cholemba, pa pepala loika m'chikwama cha mwana komanso pa WhatsApp. Chikhale chachifupi:

"Makolo okondedwa, zikomo chifukwa chotikhulupirira ndi ana anu. Chifukwa cha kukwera mtengo kwa chakudya, makala ndi sopo, kuyambira pa 1 Meyi fizi ya tsiku lonse ikhala K25,000 pamwezi, ndipo kuyambira pa 1 Seputembala ikhala K29,000. Ana a matewera ndi a theka la tsiku mitengo yawo ili pa pepala. Fizi izilipiridwa pasanafike pa 5 mwezi uliwonse. Amene ali ndi vuto andipeze pandekha tikambirane."

Chiganizo chomalizacho n'chofunika, chimachotsa madandaulo pa gulupu n'kuwabweretsa pa mkeka pamene mungathe kumvana.

Chachisanu ndi chimodzi, mayankho amene mudzamve

Wina adzati kwa mayi uje akulipiritsa K15,000. Musanyoze mayi ujeyo, mungonena zimene inu mumapereka, ana angati pa mlezi mmodzi, amadya kangati, ndipo ngati akufuna kupita muwatsanzike bwino, ena amabwerera pakatha miyezi iwiri. Wina adzati ku mkombaphala n'kwaulere. Zoona, sukulu za mkombaphala za m'midzi zimayendetsedwa ndi alezi ongodzipereka ndipo makolo amasonkha ufa, koma zambiri zimaweruka dzuwa lisanafike pamutu, pamene inu mukumusunga mwana mpaka mayi ake atseke okala.

Ovuta kwambiri ndi achibale ndi a kutchalitchi kapena kumzikiti. Amenewa sakana mtengo, amangoseka n'kuti aaa mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndiye inu manyazi n'kukugwirani. Sankhani nokha mumtima kuti pa ana onse mungathe kunyamula angati pa mtengo wotsika, mwina mmodzi kapena awiri, mwana wamasiye amene akuleredwa ndi agogo ake kapena wa mchemwali wanu amene banja latha, ndipo zikhale zachinsinsi pakati pa inu ndi iwo. Zikangodziwika kuti amake uje amalipira theka, mawa lake aliyense ali ndi nkhani yomvetsa chisoni.

Kwa amene ndalama ikuwavutadi koma ali ndi zinthu, landirani zinthuzo. Salima kuno zimenezi zimatheka kwambiri: ndowa ya chimanga, mpunga, soya, mtedza, usipa wouma, thumba la makala. Chofunika ndi kugwirizana mtengo tsiku lomwe abweretsa malinga ndi msika wa tsiku limenelo n'kulemba mu kope onse mukuona, chifukwa ndowa ya mu Meyi ndi ya mu Januwale ndi ndalama ziwiri zosiyana kutalitali. Ndipo landirani zokhazo zimene mukanagula. Nkhuku ya chitopa ndi malaya a kaunjika sizilipira mtsikana wantchito.

Chachisanu ndi chiwiri, konzani kalipiridwe pa nthawi yomweyo

Kukweza fizi anthu n'kumalipirabe mmene afunira ndi kutunga madzi ndi dengu. Popeza mwayamba kale kusintha zinthu, sinthiranitu kuti fizi izilipiridwa kumayambiriro kwa mwezi osati kumapeto mwana atadya kale. Amene sangathe yonse pakamodzi alipire pawiri, pa 5 ndi pa 20, kapena Lolemba lililonse kwa a geni amene ndalama yawo imabwera pang'onopang'ono. Olipira pa Airtel Money kapena Mpamba aziikapo yochotsera, ndi ndalama yochepa pa munthu mmodzi koma pa anthu 12 mwezi ndi mwezi ndi paketi zingapo za shuga. Gulani kabuku ka malisiti ku sitolo ya mabuku, aliyense wolipira alandire lisiti ngakhale ndi mnzanu wa ku banki mkhonde.

Nkhani ya mwana amene sanabwere ithereni pomwepa. Fizi ndi ya malo, mwana akapita kumudzi sabata ziwiri malo ake simunapatse wina ndipo mtsikana wantchito mumulipira yonse. Mwana akagonekedwa m'chipatala nthawi yaitali apo mutha kuchita chifundo, koma mwa kufuna kwanu.

Ngongole zakale musaziphatikize ndi mtengo watsopano. Munthu amene ali ndi miyezi iwiri yosalipira mukhale naye pansi padera, mugawe ngongoleyo kuti aziika kangachepe pamwamba pa fizi ya mwezi uliwonse, alembe dzina mu kope. Akafika mwezi wachitatu osaonetsa chilichonse muuzeni mwaulemu kuti mwana ayambe wapuma kaye. Muuze kholo, osati mwana. Mwana asabwezedwe pa geti anzake akuona, asamanidwe phala, asamve n'komwe kuti pali nkhani ya ndalama, iye sanakongole kanthu.

Zochepetsa ndi zosachepetsa

Makolo amavomera msanga akaona kuti nanunso mwayesetsa mbali yanu. Ndalama yoyamba ya mtengo watsopano, ngati mwakweza mu Meyi, ithamangire kugula chimanga, soya ndi mtedza pamene zili zotchipa, musunge m'matumba a PICS aja osafuna mankhwala, mudzandithokoza mu Febuluwale. Mbaula ya chitetezo imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa atatu, ndipo phala la ana khumi ndi angapo limapsa bwinobwino pamenepo osagula makala tsiku ndi tsiku. Ufa wa phala kazingani soya nokha n'kukagayitsa pamodzi ndi chimanga m'malo mogula wa m'mapaketi. Nyengo ya mango Salima kuno zipatso sizifuna bajeti. Ngati muli awiri atatu ochita ntchito yomweyi m'dera limodzi, sonkhani mugule belo la shuga ndi katoni ya sopo ku holoselo mugawane.

Koma sopo wosambira m'manja ndi mankhwala otsira m'madzi akumwa musakhudze. Tonse tikukumbuka kolera ya 2022 mpaka 2023 imene inapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja ngati athu ano sinawasiye. Mwana mmodzi akatsegula m'mimba pakhomo panu chifukwa munasiya kugula klorini, sadzachoka ana atatu okha, makolo adzawachotsa onse tsiku limodzi. Phala musalisungunule kuti likwanire, ana amanena kunyumba, komanso sikelo ya a zaumoyo imaonetsa. Ndipo musathamangire kuonjezera ana kufika 25 m'chipinda chomwecho ndi manja omwewo pofuna kuthawa kukweza fizi, njira imeneyo ndi imene imathera pa mwana kupsa ndi phala kapena kutuluka pa geti osaonedwa. Ngongole ya ku banki mkhonde yogulira chakudya cha mwezi ndi mwezi nayonso ayi, chiwongola dzanja chake chimadya phindu lonse. Kongolani zogula chinthu chokhalitsa ngati mpanda kapena matiresi, osati shuga.

Ngati simunalembetse ku ofesi ya Social Welfare pa boma, pitani mukafunse zofunika, ndi amene amayang'anira malo osungirako ana aang'ono ndipo nthawi zina amaitana alezi ku maphunziro. Pepala lawo likakhala pakhoma, kholo limene likufuna kunenerera mtengo limayamba laganiza kawiri.

Mawu pang'ono kwa inu atsikana ndi amayi amene mukulera mwana m'nyumba ya abwana, chifukwa nanunso nkhaniyi ikukukhudzani. Njira yake ndi yomweyi mwachidule: dziwani kaye malipiro otsikitsitsa a boma, sankhani tsiku limene madona alandira ndipo mtima uli m'malo, nenani nambala yeniyeni osati kungoti mundiganizireko, ndipo tchulani ntchito zimene zaonjezereka chiyambireni, mwina munabwera kudzalera mwana mmodzi pano alipo awiri ndi kuchapa kwa nyumba yonse. Musaopseze kuti muchoka ngati mulibe kopita.

Mwezi woyamba wa mtengo watsopano ukatha

Tsegulani kope muone atsala ana angati, alipira angati, ndipo ndalama yakwana mizere yonse ija kapena ayi. Mtsikana wokuthandizani mumuonjezere mwezi womwewo, waona mapepala akupita m'zikwama ndipo akudziwa kuti fizi yakwera, mukamusiya pomwe anali mudzamupeza wapita kukagwira ku loji ku Senga Bay inu n'kutsala nokha ndi makanda atatu. Gulaninso kanthu kamodzi kooneka ndi maso, mkeka watsopano, ndowa ya mpopi yosambira m'manja pa geti, mpira, kuti kholo likamalowa liziona kumene K5,000 yake yapita.

Malo a ana amene achoka musawadzaze ndi mtengo wakale pofuna kukopa anthu, wobwera watsopano ayambire pa mtengo wa Seputembala uja mwachindunji. Ndipo pa tsamba lomaliza la kope lembani mwezi umene mudzawerengerenso, chaka chilichonse mwezi womwewo, n'kuwonjezera mzere umodzi pa pepala limene kholo lililonse latsopano limasaina: "Fizi imaunikidwanso mwezi wa Seputembala chaka chilichonse, ndipo makolo amauzidwa mu Julayi."